Kachisi wa Ajapani ku Taoyuan anapulumuka bwanji?

Wapasukulu_Taoyuan:
Abale, ndili kuno ku Taiwan pa maphunziro. Loweruka ndinakwera phiri la Hutou mumzinda wa Taoyuan n'kupeza malo okumbukira anthu ofera dziko. Chondidabwitsa n'chakuti nyumba zake n'zachijapani zenizeni: zamatabwa, madenga amkuwa, nyali zamiyala m'mbali mwa njira. Kodi ofera dzikowo si ankamenyana ndi Ajapani omwewo? Nanga anawaika bwanji m'nyumba ya adani awo? Chipata chakenso chikuoneka chodulidwa kumwamba.

Nachisale:
Achimwene, maso anu sakukunamizani. Japan inalamulira Taiwan kuyambira 1895 mpaka 1945, ndipo kachisiyo anamalizidwa mu 1938, nthawi imene atsamundawo ankaumiriza anthu kulankhula ndi kupembedza ngati Ajapani. M'katimo ankalemekezamo milungu ya chipembedzo cha Ajapani cha Shinto, Mfumu Meiji ya ku Japan, komanso Kalonga Kitashirakawa Yoshihisa, yemwe anatsogolera asilikali polanda chilumbacho mu 1895 n'kufera komweko. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma la chipani cha Kuomintang lochokera ku China linatulutsa onsewo n'kulowetsamo anthu ake monga Koxinga, yemwe kalekale anathamangitsa Adatchi pachilumbacho, ndi Liu Yongfu, yemwe anamenyana ndi Ajapani mu 1895. Manda mulibe, ndi mayina chabe olembedwa pa timatabwa.

Kalipentala_wa_ku_Ndirande:
Ine mundisiyire za matabwazo. Mtengowo ndi hinoki wa m'mapiri a ku Taiwan, wonunkhira ndiponso wosaola msanga, ngati mkungudza wathu wa ku Mulanje. Mukapitanso mukayang'anitsitse polumikizira mitanda, mukaona kuti anachita kusema kuti mtengo ulowe mu unzake. Ntchito imeneyo siyofuna munthu wa phuma.

Chipatacho amachitcha torii, ndipo chimayenera kukhala ndi mitanda iwiri yopingasa. Anachotsa wam'mwamba, ndiye chotsalacho chimaoneka ngati zilembo ziwiri za Chitchaina za nambala 10. Limenelo ndi tsiku lawo la dziko, 10 Okutobala. Luso lake lilipo, koma mtima wanga wa mmisiri umawawa nazo.

Nachisale:
Ndinaiwala za kupulumukako. Japan itathetsa ubale ndi Taiwan mu 1972, boma linalamula mu 1974 kuti zotsalira zachitsamunda zichotsedwe, moti akachisi ambiri anagwetsedwa. Wa ku Taoyuan nayenso mu 1985 ankafuna kumugwetsa kuti amange nyumba yatsopano, koma akatswiri a zomangamanga ndi anthu okonda mbiri anakana kwamtuwagalu. Boma linagonja n'kumukonzanso, ndipo mu 1994 anamuika m'gulu la malo otetezedwa.

Wapasukulu_Taoyuan:
Zikomo achemwali. A Kalipentala, ndikakujambulirani mitandayo, mundiuze ngati ku Ndirande mungakwanitse.