Chishango cha dzina la Banda chimene ndagula ku Edinburgh, n'chathudi?

Banda wa ku Leith:

Abale, ndithandizeni nzeru ndisanachite manyazi pamaso pa asewere anga. Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mu Ogasiti ndi mnyamata wa konkuno ku Scotland, wa kwa Campbell. Akuchimuna akufuna kuti pa khadi la ukwati pakhale chizindikiro chawo, mutu wa nguluwe uli m'kati mwa lamba. Ndinadzifunsa kuti nanga ife a Banda tipita chimanjamanja? Loweruka ndinalowa m'kasitolo kena ka alendo mumsewu wa Royal Mile, komwe amasindikiza coat of arms, chizindikiro chokhala ndi chishango, ya dzina lililonse. Mnyamata wa pa kompyuta analemba Banda, posakhalitsa pepala latuluka: chishango chokhala ndi mzere wopingasa, pamwamba chisoti chachitsulo. Ndinalipira mapaundi 30, fulemu yomwe. Nditafika kunyumba n'kuvala magalasi, ndinapeza pansi pake palembedwa kuti banjali linachokera ku Spain. Ku Spain! Agogo anga anabadwira ku Dedza, anamwalirira ku Dedza, ulendo wawo wautali unali wa ku migodi ya ku Joni basi. Kodi ndiike chimenechi pa khadi?

Mlonda wa ku Kirkcaldy:

Achimwene, musaike. Pepala lanulo ndi la mwini wake wina amene simunamuonepo. Ku Spain kulidi dzina la Banda, ndipo m'chinenero chawo mawu akuti banda amatanthauzanso mzere wopingasa womwewo umene mwauona pa chishangocho. Kompyuta yangofananitsa zilembo.

Nkhani yaikulu ndi iyi: kuno chishango chotere si cha dzina, n'cha munthu mmodzi. Amapatsidwa munthu, iye akamwalira chimapita kwa mlowam'malo wake. Ku Scotland zimenezi zili ndi khoti lakelake, Court of the Lord Lyon, lomwe lili mu New Register House mu Edinburgh momwemo, ndipo kuyambira mu 1672 zishango zonse zovomerezeka zimalembedwa m'kaundula wawo. Kugwiritsa ntchito chishango chosalembedwa, kapena cha mnzanu, ndi mlandu. Ku England woyang'anira ndi College of Arms ya ku London, imene mfumu Richard III anaikhazikitsa mu 1484. Ngakhale ana a bambo mmodzi savala chofanana ndendende: mwana woyamba amaikapo kachizindikiro kotchedwa label bambo ake akadali moyo, ndipo kuno ang'ono ake amakalembetsa chawo chosinthidwa pang'ono, nthawi zambiri powonjezera mkombero m'mphepete.

Azungu akale sankaseka nazo izi. Mu 1385 Richard Scrope ndi Robert Grosvenor anapezana ku nkhondo atanyamula zishango zofanana, buluu wokhala ndi mzere wagolide wopingasa. Mlandu unatenga zaka zisanu, mboni mazanamazana. Grosvenor anagonja, n'kusintha kuika mtolo wa tirigu m'malo mwa mzerewo.

Za asewere anuwo, iwo ali bwino. Mutu wa nguluwe ndi crest, chizindikiro cha pamwamba pa chisoti, ya mfumu ya fuko la Campbell, Duke of Argyll wa ku Inveraray. Lamba wozungulirayo ndiye akunena kuti chizindikirochi si changa, n'cha mfumu yanga, ine ndine mtsatiri chabe. Pa lambayo mupezapo mawu a Chilatini, Ne Obliviscaris, kutanthauza kuti usaiwale. Atachotsa lambayo ndiye kuti akudzitcha mfumu.

Aphunzitsi a ku Zomba:

Ndiwonjezereko pa mawu, chifukwa ambiri timangoti crest pa chinthu chonsecho, pomwe crest ndi kamene kamakhala pamwamba pa chisoti kokha. Tulutsani pasipoti yanu muone pachikuto, mumvetsa msanga. Nkhwazi ili pamwambayo, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, ndiyo crest. Mkango ndi nyalugwe zimene zagwirizira chishango, zitaima pa phiri la Mulanje, amazitcha supporters. Unity and Freedom ndiyo motto. Chishango chenichenicho chili ndi magawo atatu: mafunde oyera ndi abuluu oimira nyanja, mkango wagolide pamalo ofiira, ndi dzuwa lagolide pamalo akuda. Tinachilandira mu 1964. Cha Nyasaland chinali ndi nyalugwe ataima pa thanthwe, mawu ake Lux in Tenebris, kuunika mumdima.

Mitundu nayo ili ndi maina ake ochokera ku Chifalansa chakale: chofiira ndi gules, buluu ndi azure, chakuda ndi sable, chobiriwira ndi vert, golide ndi or, siliva ndi argent. Lamulo lake n'lakuti golide kapena siliva azikhala pa mtundu, osati golide pa siliva kapena chofiira pa chakuda, kuti chioneke munthu ali patali. N'chifukwa chake mkango wathu uli wagolide. China chimene chimasokoneza ana anga m'kalasi chaka chilichonse: dexter ndi kumanja, koma kumanja kwa wonyamula chishangocho, osati kwa inu woyang'ana. Mkango umene mukuuona kumanzereyo ndiye uli ku dexter.

Chizindikiro cha boma nachonso musachiike pa khadi, si cha banja lanu.

Nangozo wa ku Luton:

Kkkkk a Banda a ku Spain, mwatiseketsa kuno. Komatu achimwene, mukudandauliranji? Zimene a Campbell akuchita ndi lamba wawoyo n'zimene ife timachita ndi pakamwa. Munthu akakupatsani madzi n'kunena kuti zikomo a Banda, kapena mlamu wanu akaitana mchemwali wanu kuti Nabanda, ndiye kuti mfunda wagwira ntchito yake, popanda chisoti. Ine pa ukwati wa mng'ono wanga tinangosoketsa chitenje chimodzi banja lonse, azungu aja anajambula mpaka mabatire kutha.

Mlonda wa ku Kirkcaldy:

Ngati mtima uli pomwepo, mutha kupempha chanuchanu kwa Lord Lyon, poti mumakhala kuno. Amakambirana nanu zoti aikepo, kaya khasu, kaya chambo. Koma ndi mapaundi masauzande, ndipo pofika Ogasiti sichingakhale chitatuluka.

Banda wa ku Leith:

Zikomo nonse. Masauzande amenewo apite ku mpunga ndi nkhuku za anthu. Ndalankhula ndi mayi a kunyumba, tagwirizana kuti mbali yathu ya khadi tingolemba Banda ndi dzina la mudzi wathu, pansi pake kachithunzi ka phiri la Dedza kamene mkwatibwi ajambule yekha. Pepala la ku Spain lija mdzukulu wanga walitenga kale, akuti likhala pachitseko cha chipinda chake. Fulemu ndatsala nayo, ndiikamo chithunzi cha agogo atavala jekete yawo ya ku Joni.