Ngongole ya kugalaja: ilipidwe ndi thumba la ngozi kapena ayi?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani tinaisiyira panjira ija tiimalize, nthawi yogawana ndalama za gulu lathu losunga ndi kubwereketsana yayandikira. Bambo, yambani ndinu.

Mwini galimoto: Zikomo alembi. Nonse mukudziwa kuti galimoto yanga inawombedwa pamphambano, ndipo lipoti la apolisi likuti wolakwa ndi woyendetsa galimoto inayo. Koma analibe inshuwaransi. Yanga ndi ya third party, imalipira amene ine ndamuwonongera, yanga galimoto ayi. Ndinabwereka ndalama kugulu kuno kuti ituluke kugalaja podalira lonjezo lake loti alipira. Anapereka kamodzi kokha, pano foni sakuyankha. Ndikupempha kuti yotsalayo ichoke muthumba la ngozi. Imeneyi si ngozi kodi?

Msungichuma: Ndi ngozi ndithu bambo, ndipo tonse zinatikhudza. Koma malamulo tinalemba tokha: thumba lija ndi la matenda, maliro ndi nyumba ikapsa. Zomwe zilimo sizingakwane ndi theka lomwe la ngongole yanu. Tikalikokolola lero, mawa wina akagonekedwa m'chipatala tidzamuuza chiyani?

Wosunga kiyi: Ine ndinene mosapsatira. Pobwereka munatiwonetsa kotesheni ya bampa, nyali ndi radieta. Galimoto yatuluka ndi matayala awiri atsopano, penti ikuchita kuwala. Zimenezonso tilipire ife?

Mwini galimoto: Mayi, musandiyese wakuba. Kotesheni ija anailemba asanamasule kanthu. Atachotsa bampa anapeza kuti chitsulo chogwira radieta chapindika, mwendo wakumanzere nawo wakhota. Tayala limodzi linang'ambika pangozi pomwepo, ndipo makaniko anati akutsogolo ndi bwino kusintha onse awiri. Penti ndi ya boneti ndi mbali imodzi basi. Malisiti ndili nawo.

Wosunga kiyi: Mubwere nawo tidzawaone. Mukanatiuza nthawi yomweyo sitikanakayika.

Wowerenga ndalama: Achimwene akunena zoona, zowonongeka zambiri zimabisala mkati. Funso langa ndi lina: munthuyo munalemberana naye?

Mwini galimoto: Tinangogwirizana pakamwa, pamaso pa makaniko. Ndalama yoyamba ija anatumiza pafoni.

Wowerenga ndalama: Ndiye uthenga umenewo musaufufute, ukusonyeza kuti anavomera kulipira. Muphatikize ndi lipoti la apolisi, zithunzi za tsikulo, kotesheni ndi malisiti. Mumulembere kalata yomupatsa tsiku lomaliza, akapanda kulabadira mukasume kukhoti. Kusowa inshuwaransi sikumuchotsera udindo, kukungotanthauza kuti alipira za m'thumba mwake.

Mwini galimoto: Zakukhoti zimatenga nthawi, chiwongoladzanja chikukwera. Galimoto yomwe ija ndi imene imanyamula odwala a gulu lino usiku, sindinafunsepo ya mafuta.

Msungichuma: Zimenezo palibe angakane. Mwana wanga munamunyamula ndinu.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Apa pali ngongole ziwiri, tisazisakanize. Wogundayo ali ndi ngongole kwa bambowa, bambowa ali ndi ngongole kwa gulu. Gulu silinabwereke munthu wosadziwika uja, ndipo silingadikire iye. Maganizo anga ndi awa: thumba la ngozi lisakhudzidwe, chindapusa chochedwera tichichotse, tiwonjezere mwezi umodzi. Ikatsalabe, tidzadula pa masheya awo tsiku logawana.

Wosunga kiyi: Chindapusa chichoke, ndavomera. Koma chiwongoladzanja chikhale. Chaka chatha ine katundu atandibera ndinalipira chonse, palibe anandichotsera.

Mwini galimoto: Mwezi umodzi ndi wochepa. Bwanji iwiri?

Mlembi: Iwiri ipitirira tsiku logawana bambo, buku liyenera kutsekedwa ngongole zonse zitabwera.

Mwini galimoto: Chabwino, umodzi womwewo, ngakhale mtima sunakhutire. Koma wina andiperekeze pokapereka kalatayo, pakhale mboni.

Wowerenga ndalama: Ndipita nanu ine. Lembani usiku uno, mupange makope awiri, ina asayine ibwerere kwa inu.

Mlembi: Ndalemba. Tidzavota pamsonkhano, malisiti asaiwalike.