Mafuta a mpendadzuwa ayamba fungo pa miyezi iwiri: vuto lili pati?

Mayi Nabanda, Mchinji: Anzanga oyenga mafuta, ndithandizeni. Mafuta amene tinayenga mu Ogasiti abwezedwa ndi mwini golosale. Akumveka fungo la penti, ukalawa akukanda pakhosi. Chodabwitsa n'chakuti amene tinasiya m'chigubu cha malita 20 kuchipinda chosungira ali bwinobwino. Mpendadzuwa ndi umodzi, makina ndi omwewo, tsiku loyenga ndi limodzi.

Bambo Phiri, Kasungu: Mayi, ndiye kuti makina ndi mbewu tizichotse kaye. Kugolosaleko munapititsa m'chiyani, ndipo amawaika pati?

Mayi Nabanda: M'mabotolo apulasitiki oonekera, a theka la lita. Ena ndi atsopano, ena ndi amadzi akumwa amene tinatsuka. Amawandandalika pathebulo pakhonde kuti odutsa aziwaona.

Bambo Phiri: Pakhonde la malata, ndi dzuwa la Okutobala? Mafuta athuwa sitiwayeretsa ndi mankhwala ngati kufakitale, n'chifukwa chake amakoma, koma amaopa kuwala, kutentha ndi mpweya. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, amawonongeka mofulumira pafupifupi kawiri. Onaninso mabotolo otsukawo. Kadontho kamadzi kotsalira pansi kamakwanira kuti mafuta ayambe kuwawa.

Mchimwene wa ku Swellendam: Amayi, ine ndimagwira ntchito yoyenga canola kuno ku Western Cape ku South Africa, mbewu yachibale ndi repu. Mafuta ake ndi osachedwa kuwonongeka chifukwa pafupifupi magawo 10 pa 100 aliwonse ndi omega-3, mtundu wa mafuta osalimba akakumana ndi mpweya, ndipo mbewu ikakololedwa isanakhwime bwino, kubiriwira kwake kumalowa m'mafuta. Kubiriwirako kukakumana ndi kuwala, mafuta amawonongeka msanga zedi. N'chifukwa chake mafuta oyengedwa opanda moto amawaika m'mabotolo agalasi akuda kapena m'zitini, ndipo ena amapopera gasi wa nitrogen asanatseke kuti mpweya utuluke. Mpendadzuwa nawo suchedwa, uli ndi omega-6 wambiri, mtundu winanso wa mafuta osalimba.

Mayi Nabanda: Mwanangu, botolo lagalasi lakuda kuno ndilipeza kuti? Ngakhale nditalipeza, mtengo wake ungapose mafutawo. Komanso ogula athu amafuna aone ndi maso kuti mafuta ndi oyera, apo ayi sagula.

Mayi Nachisale, Salima: Zoona zimenezo, asisi. Ife timamata pepala lalikulu lozungulira botolo lonse, n'kungosiya kampata kopyapyala koonera. Wagolosale timamuuza kuti aike botolo limodzi lokha poonekera, enawo akhale m'katoni pansi pa shelefu. Podzaza timafikitsa m'khosi mwenimweni. Koma ndifunse, mukayenga mumadikira kuti adikhe? Nsenga ija ikalowa m'botolo imanyamula chinyezi ndi tizidutswa ta mbewu, ndipo fungo limayambira pamenepo.

Mayi Nabanda: Timadikira masiku atatu, kenako timasefa ndi nsalu. Timatungira pa kampopi kachikasu kamene tinamangirira kumgolo wachitsulo.

Bambo Phiri: Kachikasuko kali ndi mkuwa, kachotseni lero lomwe! Mkuwa umafulumizitsa kuwonongeka kwa mafuta kuposa chitsulo chilichonse, ngakhale utakhala wochepetsetsa. Mgolowo nawo ngati uli ndi dzimbiri m'kati, ndi chimodzimodzi. Pezani kampopi kapulasitiki kapena kachitsulo chosachita dzimbiri. Masiku atatu achepa, ife timasiya sabata yathunthu mgolo uli wovindikira. A m'chigubu aja munadutsitsanso pakampopiko?

Mayi Nabanda: Ayi, amenewo tinathira kuchokera pamwamba pa mgolo, chigubu n'kudzaza mpaka pakamwa.

Bambo Phiri: Ndiye mwaona. Amenewo sanakhudze mkuwa, sanatenge nsenga za pansi, sanaone dzuwa. Mukapititsa ku Malawi Bureau of Standards adzayeza peroxide value, nambala yosonyeza mmene mafuta awonongekera ndi mpweya. Malire a Codex, miyezo ya chakudya ya dziko lonse lapansi, pa mafuta oyengedwa opanda moto ndi 15, pamene oyeretsedwa kufakitale ndi 10. Musaiwalenso kuti vitamini A amene timathira uja amathanso ndi kuwala, ndiye botolo la pakhonde likhoza kulephera kawiri.

Mayi Nabanda: Nanga abwezedwawa ndingasakanize ndi atsopano kuti fungo lichepe?

Mayi Nachisale: Ayi asisi, mudzawononga ndi atsopanowo. Gulitsani kwa opanga sopo. Mukayenga ulendo uno, lembani tsiku pabotolo lililonse, ndipo wagolosaleyo muzimupatsa ongokwana mwezi umodzi.