Mapu anga a mtunda wopita ku chipatala abwezedwa, ndiyambire pati?

Wobisa dzina

Admin ndibiseni dzina chonde. Moni akuluakulu nonse.

Ndikupanga masters, ndipo kafukufuku wanga ndi wofuna kupeza anthu amene ali kutali kwambiri ndi chipatala m'boma lina, kuti a mapulani adziwe pomwe chipatala chatsopano chingapindulire anthu ambiri. Ma coordinates a zipatala zonse ndili nawo, misewu ndinatenga pa OpenStreetMap (mapu aulere a pa intaneti), chiwerengero cha anthu pa WorldPop. Mu QGIS (pulogalamu yaulere yopangira mapu) ndinazunguliza chipatala chilichonse ndi bwalo (buffer) la makilomita 5, ndiye onse otsala kunja kwa mabwalowo ndinawawerenga kuti ali kutali. Mapu ake anatuluka okongola zedi.

A supervisor atawaona anangoloza bwalo limodzi lomwe mtsinje wadutsa pakati, n'kundifunsa kuti, "Anthu a tsidya linoli amauluka?" Basi, chapter yonse yabwerera. Akuti ndiwerengere nthawi imene munthu amatha pa ulendo, osati mtunda wa chingwe.

Ndiye ndithandizeni pawiri. Zimenezi zimatheka bwanji popanda laisensi ya ArcGIS (pulogalamu ya mapu yolipira), laputopu yakenso yofooka ngati yangayi? Chinanso, ndili ndi ma GPS a makomo amene ndinacheza nawo za amayi oyembekezera. Ndikufuna ndiwaike pa mapu ngati madontho kuti ntchito ioneke kuti ndinafikadi kumudzi. N'zololedwa?

Kalulu99

Supervisor ameneyo musungeni bwino. Ena akanangolemba funso lofiira m'mbali n'kuzimitsa foni mwezi wathunthu 😂

Kadzidzi_GIS

Achimwene kapena achemwali, tisanapite patali, ma layer anuwo (mafayilo a misewu, zipatala ndi anthu) ali mu CRS iti, ndiye kuti njira yoyezera malo pa mapu? Akakhala mu EPSG:4326 ndiye kuti QGIS ikuyeza mu madigiri, ndipo digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111.

Wobisa dzina

Ndine mchemwali wanu. Zimenezo ndinasintha kale, zonse zili mu UTM, yoyeza mu mamita.

Kadzidzi_GIS

Ndiye muli poyambira pabwino achemwali. ArcGIS simukuifuna n'komwe.

Nzeru yake ndi iyi: dera lonse mumaligawa timabokosi, tinene ta mamita 100, ndipo kabokosi kalikonse mumakapatsa liwiro limene munthu angadutsire pamenepo. Pamsewu wabwino liwiro lake, pakanjira lake, m'tchire ndi m'minda lake. Mtsinje ndi nyanja mumaziika ngati chotchinga. Kompyuta imayambira pa chipatala n'kumafalikira kunja, kuwonkhetsa mphindi bokosi ndi bokosi, mpaka malo aliwonse atapeza nthawi yake. Mabwalo anu aja amasanduka zinthu zokhotakhota, zotalika motsata msewu, zoduka mwadzidzidzi pamtsinje.

Pulogalamu yopangidwira ntchito imeneyi ndi AccessMod ya WHO, yaulere. Imafuna zimene muli nazo kale, kuwonjezera land cover (mapu osonyeza tchire, minda ndi zina zapanthaka), mitsinje, ndi DEM yosonyeza zitunda ndi zigwa. DEM ya SRTM, yomwe inajambulidwa ndi radar mu February 2000, ili ndi mabokosi a mamita 30 ndipo ikukwanirani. Kwa woyenda pansi AccessMod imachepetsa liwiro pachitunda potsata formula ya Waldo Tobler, imene imapereka pafupifupi makilomita 5 pa ola pamalo a see, n'kumatsika chitunda chikamakula. Ikakuvutani kuika pa laputopu, zida za r.walk ndi r.cost za pulogalamu ya GRASS, zogwira ntchito yomweyi, zilimo kale mu QGIS. Dulani ma layer onse kuti atsale a boma lanu ndi kachigawo ka maboma oyandikana nawo, makina sadzalira. Kachigawoko musakasiye, chifukwa odwala sayang'ana malire a boma, amapita chipatala cha kutsidya kwa malire chikakhala pafupi.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Mukamaphatikiza ma layer, msewu umakhala pamwamba pa mtsinje, ndiye paliponse pomwe mzere wa msewu wadutsa mzere wa mtsinje kompyuta imati pali mlatho. Pa OpenStreetMap tsegulani attribute table muone ngati malowo alembedwa bridge=yes kapena ford=yes. Pa ford anthu amawoloka m'madzi momwemo. Chilimwe palibe vuto, koma dzinja njira imeneyo kulibe. Choncho pangani mapu awiri, a chilimwe ndi a dzinja. Mu a dzinja dulani misewu pa ma ford onse ndipo muchepetse liwiro pa misewu yadothi. Malo amene sanalembedwe chilichonse ndi ofunika kuwafunsira kwa anthu akumeneko, poti OpenStreetMap imajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ena sanapondeko n'komwe, amangotsata chithunzi cha satelayiti.

Namwino wopuma

Mwanangu, za makompyutazo ine ndilibe mawu, koma makilomita 5 pa ola ndi liwiro la mnyamata wabwinobwino. Mayi amene matenda ayamba, kapena wobereka mwana wodwala kumbuyo, sayenda choncho. Amayenda, amakhala pansi, amadzukanso. Ukakhala usiku ndiye kuyembekeza kaye womuperekeza.

Komanso si chipatala chilichonse chimene chili chipatala kwa mayi woyembekezera. China chilibe mbali yochilira, china mzamba alipo masana okha, china sichipanga opaleshoni. Munthu amachidutsa pakhomo penipeni n'kupitirira kutsogolo. Pa mapu anuwo madontho onse a zipatala ndi ofanana? Ngati ndi choncho agaweni malinga ndi chithandizo chimene amapereka. Ndipo mukapempha chilolezo bwinobwino, kaundula wa pachipatala amalemba mudzi umene wodwala wachokera. Simukufuna mayina a anthu, mukungofuna kuwerenga kuti mudzi uwu amabwera angati. Mudzaona nokha midzi imene kompyuta yaipereka ku chipatala ichi koma eni ake amapita kwina.

Mphunzitsi wa Jogalafe

Zimene akunena amayiwa n'zakale ngati phunziro lenilenilo. Aliyense amadziwa mapu a John Snow a kolera ya ku Soho, London, mu 1854, aja osonyeza imfa zitaunjikana kuzungulira mpope wa pa Broad Street. Chimene ambiri satchula n'chakuti pa mapu ake achiwiri anajambula mzere wolekanitsa nyumba zoyandikira mpopewo ndi zoyandikira mipope ina, ndipo anayeza motsata misewu imene munthu amayendamo. Mzerewo unatuluka wokhotakhota, osati bwalo. Chinanso, ogwira ntchito pa fakitale ya mowa ya mumsewu womwewo anapulumuka poti sankamwa za pampopepo, pamene mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu, anamwalira chifukwa ankachita kutumiziridwa madzi a mpope umenewo, ankawakonda kukoma kwake. Zimenezo Snow anazipeza pofunsafunsa anthu. Ikani ndime imodzi ya nkhaniyi mu literature review, a supervisor adzaona kuti funso lawo lija mwalimva.

Kalulu99

Za madonthozo ingoikani achemwali, thesis amawerenga ndani? Supervisor ndi external basi.

Wa ku Ethics

Ayi bwana, musawasocheretse. Ma thesis masiku ano amaikidwa pa intaneti. GPS ya foni imalakwitsa ndi mamita ochepa chabe, ndiye wina akatenga mapu anu n'kuwasanjika pa chithunzi cha Google Earth, dontho limagwera padenga la munthu. Kumudzi komwe nyumba zili patalipatali, ameneyo wadziwika, limodzi ndi zonse anakuuzani zokhudza mimba yake. Fomu imene anasaina ija inalonjeza chinsinsi, si choncho?

Onani mmene a DHS, kafukufuku wa zaumoyo wochitika m'makomo m'maiko ambiri, amachitira. Satulutsa malo a khomo lililonse, amatulutsa dontho limodzi la gulu la makomo, ndipo dontholo amalisuntha dala: m'tauni mpaka makilomita 2, kumudzi mpaka makilomita 5, ndipo limodzi mwa madontho 100 aliwonse a kumudzi mpaka makilomita 10. Inu powerengera gwiritsani ntchito ma GPS enieniwo, koma pa mapu olowa mu thesis sonyezani zotsatira pa dera, osati pa khomo. Dera lokhala ndi makomo awiri atatu okha liphatikizeni ndi loyandikana nalo. Fayilo ya ma coordinates isayende pa WhatsApp, ndipo bwererani ku protocol imene komiti inavomereza muone zimene munalemba pa kasungidwe kake.

Wa Mapulani

Ndilankhuleko ngati munthu amene mapepala oterewa amafikira pa desiki pake. Mapu ofiira ndi obiriwira timawaona ambiri, timayamikira, n'kuwaika mu kabati. Chimene chimatigwira mtima ndi tebulo laling'ono: malo A akamangidwa chipatala, anthu owonjezereka ofika pasanathe ola limodzi ndi angati, malo B angati. Malire a maola 2 amene Lancet Commission on Global Surgery inagwiritsa ntchito mu 2015 ndi a opaleshoni, choncho musawakakamize pa sikelo ya amayi, sankhani malire oyenera chithandizo chilichonse ndipo mufotokoze chifukwa chake.

Koma bwalo lija a supervisor analoza ndi limene ine ndikanalikakamira. Mu model yanu ikani mlatho pamtsinjewo, muyendetsenso, muone anthu angati alowa mkati. Mwina mupeza kuti anthu a tsidya lija chimene akusowa ndi powolokera, chipatala chilipo kale. Wa zaumoyo sangazione zimenezo payekha, wa misewunso chimodzimodzi, poti aliyense ali ndi fayilo yake.

Pa WorldPop chenjeraniponi. Si kalembera, ndi kuyerekeza kogawa anthu a kalembera m'timabokosi ta mamita 100. Tengani ya constrained, imene imaika anthu pokhapokha pomwe paoneka nyumba, ndipo chiwonkhetso cha boma lonse muchifananize ndi cha ofesi ya kalembera.

Wobisa dzina

Zikomo kwambiri nonse, mutu wayamba kupepuka. Madontho ndachotsa. Kafunso komaliza kwa a Kadzidzi: liwiro la mtundu uliwonse wa msewu ndilitenga kuti? Ndingokopera la mu pepala la wina?

Kadzidzi_GIS

La m'mapepala ndi poyambira chabe, ndipo mulitchule kuti mwalitenga kuti. Mu mafunso anu aja munafunsa amayi kuti anatha nthawi yaitali bwanji popita ku chipatala komanso anayenda pa chiyani? Ngati munafunsa, fananizani mayankho awo ndi mphindi zimene model ikupereka pa makomo omwewo. Zikasiyana kwambiri mbali imodzi, sinthani liwiro. Mukapitanso ku field tsegulani pulogalamu ya mapu ya OsmAnd pa foni ijambule track ya GPX (mzere wa momwe mwadutsa) pa njira zingapo, wapansi ndi wa panjinga, imasunga nthawi yokha. Kenako yendetsani model katatu, liwiro lotsika, lapakati ndi lokwera, muone ngati malo A akupambanabe malo B pa zonse zitatu. Mukakakamira pophatikiza ma layer mu AccessMod (merge land cover) ponyani screenshot pompano.