N'chifukwa chiyani ndeke inakweranso m'mwamba itatsala pang'ono kutera?

Mayi wa ku Kapata:
Mwezi wa Novembala ndinakwera ndeke kuchoka ku Lusaka kupita ku Mfuwe. Titatsika mpaka kuyamba kuona mitengo ya tsanya bwinobwino, injini zinalira mwamphamvu ndipo tinakweranso m'mwamba, ngakhale kuti mvula inali kugwa chapatali ndithu. Woyendetsa anangotchula mawu akuti windshear. Kodi mphepo ingaopseze bwanji chinthu cholemera chotero?

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Amayi, woyendetsayo anachita bwino kwambiri. Ndeke imakhala m'mwamba chifukwa cha mpweya umene ukudutsa pa mapiko ake, choncho mphepo ikasintha mwadzidzidzi liwiro kapena kumene ikulowera, mapikowo amasowa chowanyamula. Kusintha kotereku ndiko kumatchedwa windshear. Choopsa kwambiri ndi microburst, mpweya wozizira umene umagwa kuchokera mumtambo wa mabingu n'kumwazikira mbali zonse ukafika pansi, ngati madzi okhuthulidwa pa simenti. M'lifupi mwake supitirira makilomita 4, ndipo umatha m'mphindi zochepa chabe.

Msampha wake uli apa: poyamba mphepoyo imawomba kuchokera kutsogolo, ndeke imakwera pang'ono, ndipo woyendetsa wosadziwa amachepetsa mphamvu ya injini. Posakhalitsa mpweya umaikankhira pansi, kenako umawomba kuchokera kumbuyo, pamene nthaka ili kale pafupi. Ndi zimene zinagwetsa ndeke ya kampani ya Delta ku Dallas, ku America, pa 2 Ogasiti 1985, pomwe panafa anthu oposa 130.

Mlimi wa ku Chadiza:
Aphunzitsi, mwandikumbutsa za munda wanga. Chaka china mkuntho utadutsa, ndinapeza chimanga chitagona molozera kunja kuchokera pakati, osati mopotana monga chimachitira kamvuluvulu akadutsa. Kodi ndi mphepo yomweyo?

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Zikuoneka choncho, bambo. Katswiri wa zanyengo Ted Fujita wa ku Chicago anaona mitengo itagwa mwa njira imeneyo, ndipo chithunzicho chinamuthandiza kufotokoza ngozi ya ndeke ya kampani ya Eastern ku New York mu 1975. Masiku ano ndeke zikuluzikulu zili ndi zida zochenjeza, ndipo oyendetsa amaphunzitsidwa kuti akangoona zizindikiro apereke mphamvu yonse n'kukwera, osakakamira kutera. Kumalo otentha ngati chigwa cha Luangwa mvula ina imauma isanafike pansi, koma mpweya wake wozizira umagwabe, n'chifukwa chake mwina amayi aja sanaone dontho pazenera.

Mayi wa ku Kapata:
Zikomo, aphunzitsi. Tinazungulira kwa kanthawi kenako n'kutera bwinobwino, koma ine tsiku limenelo ndinkangodandaula kuti tachedwa.