Kodi mapeto awiri okha angasinthe pulasitiki yonse?

wa_ku_Ulongwe:
Achimwene ndi achemwali ndithandizeni. Ndikuwerenga kimika kukonzekera mayeso kuno ku Tete ndiye pali chinthu chikundizunguza mutu. Akuti polima ndi unyolo wautali, monga PET ya mabotolo a madzi ili ndi mayuniti opitirira 100 pa unyolo umodzi, komanso akuti timagulu ta maatomu tili kumapeto kwa unyolowo, ma end group aja, timasintha khalidwe la pulasitikiyo. Koma mapeto alipo awiri basi, angapose bwanji mayuniti onse apakatiwo? Kapena ndi zongoloweza kuti tikhoze mayeso?

mphunzitsi_Matundo:
Ayi mng'ono wanga si zoloweza. Pakati pa unyolo maatomu onse anagwirana kale, nthawi zambiri alibenso chochita, koma kumapeto ndi kumene kumatsala kagulu koti kangathe kugwirana ndi chinthu china kapena kuyambitsa kuwonongeka. Taganizira ulusi wosokera thumba la feteleza, ukaupeza mbali yoyenera nkukoka umangomasuka wonse mpaka uko. Pulasitiki ina yotchedwa POM, imene amapangira timagiya tamu printa ndi tizipangizo tina ta galimoto, imachita ndendende chomwecho. Imapangidwa kuchokera ku mpweya wotchedwa formaldehyde ndipo kumapeto kwake kumatsala kagulu ka OH (atomu ya okosijeni ndi ya haidrojeni) kosakhazikika, ndiye ukaitenthetsa kuti uiumbe imayamba kuthothoka yuniti imodziimodzi kuyambira kumapetoko nkubwerera kukhala mpweya wa formaldehyde. Anthu anaidziwa kalekale koma inalibe ntchito mpaka kampani ya DuPont itapeza njira yotseka mapetowo ndi mankhwala otchedwa acetic anhydride, nkuyamba kuigulitsa mu 1960 ndi dzina loti Delrin. Unyolo womwewo, mayuniti omwewo, anangotseka mapeto awiri aja basi.

Chinanso, mapeto amagwedezeka momasuka kuposa pakati, ndiye maunyolo akakhala aafupi mapeto amachuluka ndipo pulasitiki imafewa msanga ikatentha. Asayansi awiri, Fox ndi Flory, analemba za ichi mu 1950, uiwerenge bwino formula yawoyo.

zenera_ndi_galasi:
Ine ndimaika magalasi ku Moatize, za ma formula sindilowamo, koma aphunzitsi ndifunseko, silikoni timamatira mawindo uja akamauma amatulutsa fungo la vinagiri lolasa mmphuno, zikukhudzana ndi zimenezi? Komanso ukamuika wochindikala pamwamba amauma koma mkati amakhalabe phala mpaka mawa.

mphunzitsi_Matundo:
Zikukhudzana kwambiri achimwene, ndipo chitsanzo chanucho ndi chabwino kuposa changa chifukwa aliyense anachinunkhizapo. Unyolo wa silikoni wamu tubu uja uli ndi OH kumapeto onse awiri, ndipo anasakanizamo mankhwala ena omwe akakumana ndi chinyezi cha mumpweya amalumikiza mapeto a maunyolowo nkutulutsa acetic acid, yemwe ndi asidi wamu vinagiri yemwe uja. Nchifukwa chake amayamba kuuma kunja, chinyezi chimalowa pang'onopang'ono. Tsono unyolo womwewo akautseka kumapeto ndi timagulu ta methyl (kaboni ndi haidrojeni basi) sugwirana ndi kanthu, umangokhala mafuta a silikoni, mungausiye panja chaka chonse osauma.

mayi_wa_kuLab:
Ndionjezereko za PET poti ndi imene wafunsayo watchula. PET ili ndi mapeto a mitundu iwiri, OH ndi COOH, ndipo COOH ndi asidi. Mabotolo akale akawagaya kuti awasungunule, pa madigiri opitirira 250, ngati muli chinyezi madziwo amadula unyolo, ndipo paliponse padukapo pamabadwa COOH watsopano amene amafulumizitsa kudukako, ndiye zimangoipiraipira, pulasitiki yotulukayo imakhala yosalimba yosweka msanga. Nchifukwa chake obwezeretsa mabotolo amayamba aumitsa kwa maola angapo asanasungunule ndipo amayeza kuchuluka kwa COOH. Zimandiwawa ndikaona mabotolo ali mbwee mu ngalande za mu mzinda muno pomwe akanatha kukhala ulusi wa zovala atawasamala bwino.

Koma musasokoneze, botolo likakwinyika mwathiramo thobwa wotentha si nkhani ya mapeto imeneyo, PET imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70.

Nayiloni nayenso, utoto wa mtundu wa asidi umakagwira pa mapeto a amine (kagulu kokhala ndi naitrojeni), ndiye ulusi wokhala ndi mapeto ambiri otere umamwa utoto kwambiri.

wa_ku_Ulongwe:
Zikomo kwambiri amayi ndi aphunzitsi, zalowa tsopano. Ndiye poyeza COOH ija mungadziwenso kutalika kwa unyolo eti?

mayi_wa_kuLab:
Eya mwana wanga, bola udziwe kuti unyolo uliwonse uli ndi mapeto angati a mtundu umenewo, kwa PET uwerengenso a OH. Ukatero wadziwa chiwerengero cha maunyolo mu galamu imodzi, nkupeza kulemera kwa umodzi. Njirayi imayenda bwino pa maunyolo aafupi, akatalika kwambiri mapeto amachepa mpaka titration, njira yoyezera kuchuluka kwa asidi podonthezera mankhwala, siwaonanso bwinobwino.