Za mankhwala a statin a amayi aja: tinakaonana ndi dokotala

Mwezi watha ndinafunsa ngati amayi anga, a zaka 77, ayenera kuyamba kumwa atorvastatin, mmodzi mwa mankhwala a statin otsitsa mafuta m'magazi, chonsecho sanadwalepo mtima kapena sitiroko. Ena munati ayambe msanga, ena munati asayerekeze. Zikomo nonse.

Lachiwiri ndinawaperekeza kwa dokotala kuno ku Leicester. Anatifotokozera kuti ku England amawerengera chiopsezo cha matenda a mtima pa zaka 10 zikubwerazo. Mu 2014 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku England, linatsitsa malire a chiopsezo oyambira kupereka ma statin kuchoka pa 20 kufika pa 10 peresenti, ndiye pafupifupi aliyense wa msinkhu wa amayi amapyola malirewo chifukwa cha zaka zokha. Mkangano wagona pamenepo. Kwa amene anadwalapo mtima, phindu la mankhwalawa n'loonekeratu. Koma kwa opitirira zaka 75 amene sanadwalepo, umboni ndi wochepa, popeza okalamba otere anali ochepa m'kafukufuku wakale. N'chifukwa chake ku Australia anayambitsa kafukufuku wa ma statin wotchedwa STAREE pa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti dokotala anafunsa amayi eniake, osati ine. Pa mankhwalawa amayi ankaopa kuphwanya kwa minofu komwe mnzawo wa ku tchalitchi amadandaula. Koma sitiroko amaiopa kwambiri, poti inatenga achemwali awo ku Zomba.

Asankha kuyamba ndi 20mg. Pakatha miyezi itatu akayezetsa magazi kuti aone chiwindi ndi mafutawo, ndipo minofu ikayamba kuwawa tibwerera kwa dokotala tsiku lisanakwane.